Malire a Dimba Lanu

Amayi, kumene muliko kuli bwanji? Abambo munawapeza? Muwauze kuti njinga yawo ija ikadali kuseri kwa chitseko, ilibe tcheni mpaka lero, ndipo amalume akuti aikonza mwezi wamawa monga akhala akunenera zaka zonsezi.

Ndikulemba ndili pakhonde panu. Ndinafika Lachiwiri kuchokera ku Joni. Ndinatsika minibasi pa Dowa Boma, kenako kabaza mpaka kuno kwa Msakambewa, fumbi mpaka m'mano. Ndi Ogasiti, ndiye mphepo ija munkadana nayo yayamba kutsika kuchokera ku mapiri a Ntchisi. Mapepala ndawapsinja ndi mwala kuti asauluke.

Mng'ono wanga Esitere anachira bwino mu Meyi, mwana wamkazi, wonenepa, wa mphuno yanu. Tamupatsa dzina lanu, ndiye pakhomo pano aliyense akafuna kumudzudzula kuti akulira kwambiri amayamba wapepesa. Tadala, mwana wake wamkulu uja, wayamba sukulu ndipo akuti aphunzitsi ake sadziwa zambiri. Chimanga cha kumunda wa kumtunda chinachita bwino, nkhokwe yapitirira theka. Soya ndiye anatigwiritsa mwala, mvula inamupeza ali pa mulu. Bambo a Tadala fodya sanalime chaka chino, akuti msana, ngakhale msana womwewo suwaletsa kukhala pa bawo mpaka dzuwa kupendeka. Mbuzi yanu yamawanga inaswa awiri, mmodzi agalu anagwira. Kutchalitchi, amayi anzanu sanazolowerebe. Lamulungu akamakhala pa benchi lanu lija amasiya mpata kumapeto, ndipo nyimbo ikafika poti mawu apansi alowe amayang'anana.

Izi ndi nkhani zosavuta, ndipo ndazichulukitsa dala. Inu mukanandidula kale, mukanati, “Malita, siya kuzungulira nyumba, khomo ukulidziwa.” Ndilowa, koma mundilole ndiyambe ndabweza yankho lina limene ndinakumanani.

Munandifunsa kambirimbiri kuti kodi kwenikweni ntchito yanga ndi yotani. Nthawi zonse ndinkati, “N'zovuta kufotokoza, Amayi.” Chinali chipongwe chimenecho. Sizovuta, ndinkangoona ngati simungamve. Inu n'kumauza anzanu kuti mwana wanga amawerenga nyenyezi, ena n'kumaganiza kuti ndine wolosera.

Kutali kwambiri, kupitirira nyenyezi zonse zimene zimaoneka pabwalo pano, kuli milalang'amba ina, midzi ikuluikulu ya nyenyezi yonga wathu uno. Pakati pa mudzi wotere pamakhala chinthu cholemera koopsa chimene timachitcha dzenje lakuda, chifukwa chimene chagweramo sichibwerako, ngakhale kuwala kumene. Mpweya ndi fumbi zikamagwera m'menemo sizingogwa ayi. Zimayamba zazungulira pakamwa pa dzenjelo, kukhuzana, kutentha, mpaka kuwala kuposa nyenyezi zonse za m'mudzimo kuziphatikiza pamodzi. Chowalacho ndiye kweiza, “makweiza ako aja” monga munkanenera mukandipeza ndili duu pa kompyuta.

Chimene chinandikopa ine n'chakuti dzenjelo silimeza zonse zimene lakoka. Zambiri zimaponyedwa kunja, ndipo zimatuluka m'njira ziwiri. Njira yoyamba timaitcha majeti. Ndi mitsinje iwiri yopyapyala ya tinthu totentha, wina kuloza uku wina uko, yothamanga pafupifupi ngati kuwala. Siimwazika chifukwa mphamvu ya maginito imaikulunga mopota ngati chingwe, ndipo imatha kuyenda mpaka kutuluka m'mudzi wonse wa nyenyeziwo ikadali yowongoka. Mukukumbukira paipi ya pampu yopalasa ija ku dimba, mukaitsina kukamwa ndi chala madzi n'kulumpha mpaka pa bedi lachitatu? Ndi choncho. Majeti ndi okongola, ndi amene amaikidwa pa zikuto za mabuku, koma makweiza amene ali ndi majeti amphamvu ndi ochepa.

Njira yachiwiri ndiyo yanga. Ndi mphepo. Ndi yotakata, liwiro lake silifika pa la jeti, ndipo imakankhidwa ndi kuwala komweko kwa kweizayo. Pa chithunzi siioneka. Timaizindikira chifukwa cha zimene zikusowa. Tikatenga kuwala kwa kweiza n'kukugawa mitundumitundu ngati utawaleza, timapeza mipata yakuda pamene mphepoyo yameza mtundu wina. Mpatawo ukasunthira ku mbali ya buluu, timadziwa kuti mphepo ikubwera chakuno, ndipo kukula kwa kusunthako kumatiuza liwiro lake. Funso limene landidya zaka zinayi ndi ili: kodi mphepo imeneyi imasesa mpweya umene mudziwo ukanaumbira nyenyezi zatsopano? Kodi chowala cha pakatichi chimaumitsa kwawo komwe?

Musandiyang'ane choncho, Amayi. Nanenso ndaziona kuti funsoli likuloza ine ndemwe.

Pa ntchito yathu pali lamulo limodzi limene silisweka. Ukanena muyeso uliwonse, uyenera kunenanso kukula kwa kukayika kwako. Sungangoti mphepo ikuthamanga mwakuti, uyenera kuwonjezera kuti ndikhoza kuphonya ndi mwakuti. Ukayang'ana osaona kanthu, umalemba kuti sindinaone kanthu, ndipo palibe amakuseka. Amene anandiphunzitsa ntchitoyi anandibwezera pepala langa loyamba katatu chifukwa cha zimenezi. Lero ndine ndimabwezera ophunzira anga mapepala, ndi inki yofiira, ndipo amandiopa. Ndanena izi kuti mudziwe kuti chimene ndinachita sindinachite mosadziwa.

Mukukumbukira Okutobala wa chaka chatha. Munandiimbira pa foni ya Esitere kuti ndibwere mvula isanagwe mudzandionetse malire a dimba. Ndinakana poyamba. Ndinati muonetseni Esitere, ndi amene amalimamo. Inu munati, “Amayi anga anaonetsa ine chifukwa ndine wamkulu. Esitere ali ndi mkulu wake. Sindilumpha mwana ali moyo.” Mawu anu anali opuma pafupipafupi, ndiye ndinabwera.

Chimene sindinakuuzeni n'chakuti sabata imeneyo inali imene ndinaidikira zaka ziwiri. Telesikopu imene timagwiritsa ntchito ili pa phiri la dziko lina, anthu oifuna ndi ambiri, ndiye umapempha n'kukhala pa mzere. Ine sindipitako n'komwe, ogwira ntchito kumeneko amaloza kumene wapempha n'kukutumizira zimene zatuluka. Zanga zinatumizidwa m'mawa wa tsiku limene munasankha. Pamudzi pano netiweki mukuidziwa, imapezeka pa chulu chija cha pamwamba pa dimba basi. Tikutsika, inu patsogolo ndi ndodo yanu, foni inanjenjemera m'thumba.

Ndinati ndingosuzumira. Amayi, mpata wakuda unalipo, ndipo pambali pake panali wina watsopano umene zaka zitatu m'mbuyomo kunalibe. Mphepo yatsopano inali itabadwa, ine ndiye munthu woyamba kuiona. Miyendo yokha ndi imene inkakutsatirani. Inu munkaima, kuloza ndi ndodo, n'kufunsa kuti, “Apa waona?” Ine, “Eya, Amayi.” Tikayenda pang'ono, “Apa wamva?” Ine, “Ndamva, Amayi.” Pena munatembenuka n'kundipeza. Munati, “Malita, ukuvomera ndi khosi, makutu ali ku Joni.” Ndinaseka, ndinabweza foni m'thumba. Mutangotembenuka ndinaitulutsanso.

Pa ulendo wonse uja ndinatolapo zinthu ziwiri zokha: ming'alu ya ku zidendene zanu, ndi liwu loti katope. Titakwera kubwerera kunyumba tinapeza amalume pa mpando, inu mukupuma movutikira, n'kuwauza kuti, “Achimwene, ndamuonetsa. Tsopano ndikhoza kupuma.” Ine ndinali pomwepo, ndinagwedeza mutu. Ndinadziuza kuti pa Khirisimasi ndidzakupemphani kuti tibwereze. Khirisimasi inatipeza tili pa maliro anu.

Mu Febuluwale mtsinje unasefukira. Unakokolola mzere wonse wa nsenjere ndi nthochi umene unkalekanitsa dimba lathu ndi la amayi aang'ono, a Delifa, n'kusiya mchenga wokhawokha. Panalibe amene anakangana ndi mnzake, Amayi, musaganize zoipa. Kungoti nyengo ya madimba inali pafupi ndipo aliyense ankafuna kudziwa polekeza khasu. Ndiye pa Pasaka, nditabwera, amalume anatiitana tonse ku dimba. A Delifa anabwera ndi mkamwini wawo, bambo a Chisomo, atanyamula khasu ndi mbande za khonje zoti tibzale m'malire. Esitere anali ndi pakati potopa, anakhala pa ndowa.

Amalume anati, “Apa palibe chovuta. Mlongo wanga anasiya mawu mwa mwana uyu. Malita, tiyendetse.”

A Delifa anawonjezera kuti, “Ife tivomera chilichonse anene. Munthu woyeza za kumwamba angalephere kadimba aka?” Onse anaseka, nane ndinaseka.

Ndikanangoti, pepani, sindinamve. Mawu awiri okha. Anafika pakhosi, Amayi, koma ndinaona nkhope zawo zikundiyembekezera, ndinakumbukira kuti munauza amalume kuti mukhoza kupuma, ndipo manyazi anandigwira. Ndinayang'ana dimba. Mitengo ya katope ilipo iwiri, mukudziwa, wina kumtunda kwa chitsime, wina kumunsi. Ndinalingalira ngati ndili pa mayeso, ndinasankha wa kumunsi chifukwa ndi waukulu, ndinatambasula mkono. Ndi mawu amene ndimaphunzitsira m'kalasi ndinati, “Kuchokera pa katope uyu, molunjika mpaka pa chulu.”

Chitsime chinatsala mbali ya a Delifa. Amalume anakanda m'mutu n'kufunsa kuti, “Ndiye kuti chitsime chili kwa a Delifa?” Apa mpamene ndinachita chinthu chimene chandiletsa kukulemberani miyezi inayi yonseyi. Ndinati, “Ndi mmene Amayi ananenera.”

Ndinakuikani bodza m'kamwa muli m'manda. A Delifa eni ake anadabwa. Anati, “Ine ndinkayesa chili kwa achemwali, poti tinkangotunga tonse osafunsana. Koma poti anena okha.” Palibe amene akanatsutsa malemu. Bambo a Chisomo anakumba timaenje, khonje anabzalidwa, amalume anapemphera, tinabalalika. Lachiwiri lake ndinakwera basi, ndipo mwezi wotsatira ndinakaima pamaso pa anthu ambiri kufotokoza za mphepo yanga yatsopano, muyeso uliwonse uli ndi kukayika kwake pambali.

Ndinkadzitonthoza kuti mwina ndinalasa. Mitengo inali iwiri, ndiye mwina ndinasankha woona. Ndinkatinso ngakhale nditaphonya, chitsime adzatungabe onse monga kale. Pa foni Esitere ankangoti tili bwino, mwana akuyamwa, kunja kukuzizira.

Lachitatu ndinatsikira ku dimba n'kuona ndi maso anga. Bambo a Chisomo anabzala tomato kuzungulira chitsime, anamanga mpanda wotchinga mbuzi, ndipo anagula kapampu ka injini. Sanabe kanthu, ndi malo amene ine ndinawapatsa. Koma kapampuko kakalira m'mawa, pofika teni koloko chitsime chimatsala matope, ndipo chimadzadzanso mawa lake. Esitere akutunga ku dziwe la kumunsi kwa mtsinje, kutsika chitunda chija munkatiletsa kusewerapo. Makeni awiri a madzi m'manja, mwana wa miyezi itatu kumsana. Mabedi a mpiru ndi anyezi akuyesetsa. Theka la dimba ndi fumbi. Chimanga cha dimba, chimene chimawadyetsa mu Januwale nkhokwe ikayamba kulira, sanabzale n'komwe chifukwa madzi ake sangawakwanitse.

Dzulo m'mawa ndinatenga makeni kuti ndimuthandize. Ndinapita maulendo anayi, mapewa anayaka moto, ndinakhala pansi pa mzere. Iye anapitanso awiri ena. Atabwera ndinamuuza kuti atule, akhale. Ndinamuuza zonse, za foni, za mpata wakuda, za kuvomera ndi khosi, za katope amene ndinangomusankha. Ndinkayembekeza kuti alira kapena andilalatira. Ndinkafuna andilalatire.

Anamasula mwana, anamuika kubere, n'kunena kuti, “Achemwali, ndimadziwa.”

Ndinati, “Umadziwa bwanji?”

“Tsiku lija ndinali pa bedi la anyezi apo, ndikuzulira. Amayi ankalankhula mokweza, ndinamva zonse. Malire ndi katope wa kumtunda. Kuchokera pa tsinde pake, mapazi atatu chakumadzulo, agogo anakwirira theka la mphero yosweka. Theka linalo lili m'munsi mwa chulu. Anabwereza kawiri.”

“Nanga bwanji sunanene pa Pasaka paja?”

“Anafunsa inu.”

Anasintha mwana bere. Kenako anapitiriza, osandiyang'ana, “Ndikanakutsutsani bwanji pamaso pa amalume ndi akamwini? Komanso mmene munanenera muja, osaphethira n'komwe. Ndinafika kunyumba ndikuganiza kuti kapena ndine ndinamva molakwa. Inu ndi ophunzira, achemwali. Ine ndinalekeza Sitandade 7.”

Amayi, madzi ndikhoza kuwanyamula mpaka mapewa atazolowera. Koma mng'ono wanga wakhala miyezi inayi akukayikira makutu ake, akutsika chitunda ndi mwana kumsana, chifukwa ine ndinalankhula mosakayika. Iye amene anamva zoona ndiye anakayika, ine amene sindinamve kanthu ndiye ndinatambasula mkono. Ndinalira pa mzere paja ngati mwana, iye n'kumandiuza kuti basi achemwali, anthu akuona.

Kuchokera dzulo pali funso limene likundizunguza, ndipo ndi inu nokha mungaliyankhe. Inu simunali munthu wokweza mawu, makamaka miyezi imene ija mpweya ukukuvutani. Munandipeza ndi foni m'manja, munadziwa kuti makutu anga kulibe. Bedi la anyezi munkaliona. Kodi pobwereza kawiri paja munkabwerezera ine, kapena munkauza Esitere m'njira yokhayo imene mwambo unakulolani? Ngati ndi choncho, ndiye kuti munandidziwa bwino kuposa mmene ndinkafunira, ndipo simunandichititse manyazi pamaso pa amalume. Munandiphimba, ine n'kudzakubwezerani ndi bodza.

M'mawa uno ndinapita kwa amalume kukawapempha kuti aitanenso anthu ku dimba Loweruka. Anandifunsa kuti kwagwanji. Ndinati ndili ndi mawu, ndikanenera pomwepo. Mmene zikathere sindikudziwa. Tomato wa bambo a Chisomo ali pa maluwa, anathira thukuta lawo pamenepo, ndipo adzakhala ndi chifukwa chokwiyira. A Delifa akhoza kunena kuti khonje wagwira kale, pemphero linachitika, nkhani inatha. Mwina madzi a mu Febuluwale anakokolola mphero ija, tikakumba osapeza kanthu. Mwinanso ubale wa nyumba ziwirizi, umene inu ndi a Delifa munausunga zaka zonsezi pa chitsime chimodzi, ndauthyola ine. Esitere akuopa. Akuti mawu ake sakatuluka pamaso pa akuluakulu, ndipo wandipempha kawiri kuti ndikanene ndine zimene wandiuzazo, anthu akakhulupirira msanga. Ndamukanira.

Lonjezo langa ndi ili, Amayi. Loweruka ndikaima pamaso pa amalume, a Delifa ndi akamwini onse, ndikanena kuti tsiku lija sindinamve kanthu, kuti katope uja ndinangolota, ndipo kuti inu simunanene zimene ndinati munanena. Dzina lanu ndikalichotsa m'bodza langa anthu onse akumva. Ndikatero ndikakhala pansi, Esitere aime. Ngakhale akachite chibwibwi, ngakhale amalume akandiyang'ane kuti ndimuthandize, sindikatsegula pakamwa mpaka atamaliza.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo pepani.

Ndine mwana wanu woyamba,
Malita